Khutu la Wosula Zisoti

Istanbul, 10 Malichi 2013

Nazife wanga,

Moni wochuluka. Ndikupsompsona manja a amayi ndi maso a mwana wathu Nergis. Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona, ndipo ndikhulupirira kuti nanunso Mulungu akukusungani ku Erzincan kumeneko. Ndalemba kalata chifukwa nkhani ndili nayoyi ndi yaitali, komanso ukudziwa kuti zala zangazi ndi timabatani ta foni sizimwerana madzi.

Nkhani ndi iyi: andichotsa kopukuta, andipatsa nyundo! Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikuwalitsa zisoti zosula anthu ena, ine mwana wa wosula miphika yamkuwa. Lachiwiri lapitali mwini chipala chathu, a Usta Hidayet, anandipeza ndikugogoda chisoti china ndi chala. Akuti, "Ukuchifunsa chiyani? Chakuyankha?" Ndinati, "Chayankha, Usta. Chapyapyala kunsonga." Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Kenako ananditembenuzira kukhoma, n'kugogoda zisoti zitatu kumbuyo kwanga ndi kanyundo. Ndinati choyamba chili bwino, chachiwiri chili bwino, chachitatu chikunama. Anachidula pakati ndi sowo pamaso pa onse, ndipo nsonga yake inali ngati khungu la anyezi. Akuti, "Bambo ako anakusiyira khutu. Mawa ukhale pachitsa chosulira."

Amayi uwafotokozere bwino zomwe timasula kuno, popeza akuuzabe anthu kuti mwana wawo akupanga zipewa za njinga zamoto. Ndi zisoti zachitsulo zonga zomwe ankavala asilikali apakavalo a masultani zaka mazana anayi zapitazo: zosongoka pamwamba, zamizere yotsika, kakhonde pamphumi, kachitsulo kotsetsereka kotchinga mphuno, ndi zophimba masaya ndi khosi. Zilipo za mitundu iwiri. Za pashelefu amagula anthu okonda kusonkhanitsa zakale, ndipo zimangofunika kukongola. Ngakhale zipyapyale, fumbi silimenya munthu. Za pamutu ndiye nkhani ina. Amavala anthu okwera akavalo pa zionetsero, ndipo kumeneko amaponyerana ndodo ali pa liwiro, n'kumamenyana ndi malupanga obuntha. Chisoti chotere timachisula kuchokera ku chitsulo chimodzi chathyathyathya, osawotcherera paliponse. Chopimira makulidwe sichifika kunsonga, ndiye chimene chimapima ndi khutu. Chitsulo chokhuthala chimalira mokhuta. Chikayamba kupyapyala chimalira mwanjala, ndipo pamenepo umasiya.

Gulu lina la okwera akavalo laitanitsa zisoti makumi atatu za chionetsero cha mu Okutobala, ndipo zonsezo a Usta ati ndisule ine, chimodzi pa sabata. Malipiro akwera. Ndatumiza ndalama zokwana lira 900. Malasha ugule matumba anayi okha, chisanu chatsala pang'ono kutha. Mpesa wa pakhomo usadulire wekha, chaka chatha unaumeta mpala, upemphe aneba. Kuno buledi ndi lira imodzi, tiyi lira imodzi, nyama ndimangoipatsa moni podutsa.

Kanthu kamodzi kokha. Khutu lamanja layamba kulira ngati mwalowa nyenje, makamaka ndikaweruka. Ntchito yanga yonse tsopano ili m'makutumu, ndiye ndinachita kamantha pang'ono, koma akuti ndi mmene amayambira onse. Walira mvula walira matope.

Ndine mwamuna wako,
Zekeriya

Istanbul, 21 Epulo 2013

Nazife wanga,

Moni. Manja a amayi ndi maso a Nergis undipsompsonere. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha amayi chapola ndiponso kuti ng'ombe yabereka yaikazi. Ine ndili bwino.

Phukusi lako lafika. Tchizi cha kwathu chinatha tsiku lomwelo, anzangawa amadya ngati dzombe. Koma thonje lija, mkazi wanga, wandiseketsa. Mpukutu wonsewo! Ukufuna nditseke makutu kapena ndisoke pilo?

Ndikudziwa kuti ukundifunira zabwino, koma mvetsa. Mumsewu wathu uno muli zipala zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe wosula ndi mmodzi yemwe amene amaika thonje m'makutu. A Usta amati wosula wotseka makutu ndi wophika wotseka mphuno, amadziwa kuti zapserera utsi utadzaza kale nyumba. Chaka chatha kunabwera munthu wina wa ku Bursa ali ndi zotsekera m'makutu za kufakitale. Anamutcha mkwatibwi, tiyi amamupatsa mogwada, mpaka anachoka yekha mwezi usanathe. Bambo anga anasula zaka makumi anayi opanda thonje. Ndikudziwa uyankha kuti, "N'chifukwa chake tinkachita kuwakuwira powaitanira chakudya." Ndakuyankhira ndekha kuti usavutike kulemba.

Za foni ija, ukuti ndinakufunsa kuti "ati?" kasanu ndi kawiri, unachita kuwerenga. Foniyi ndi yakale, komanso ndinali pamsewu. Tizingolemberana, kalata siifuna kubwereza.

Sabata yatha kunabwera mtsogoleri wa okwera akavalo aja kudzapimitsa mutu. Dzina lawo a Tayfun, dokotala wa mano, ndevu zopotoka ngati nyanga za nkhosa. Sabata yonse amazula mano a anthu, Loweruka amasanduka msilikali wa sultani. Ndikuwazunguliza chingwe pamutu akuti, "Achimwene, changa chikhale chopepuka, khosi langali ndimagwirira ntchito." Ndinati, "Bwana, chopepuka chilipo, cha pashelefu. Nanga mutuwu simugwirira ntchito?" Anaseka mpaka ndinaona mano awo onse, ndipo ndikunong'oneze, a eni amakonza koma awo anawaiwala. Akufuna mizere makumi awiri ndi inayi ndi kampopi kolowetsamo nthenga, ndiye chawo ndidzasula chakumapeto dzanja litakhwima.

Zisoti zisanu ndi chimodzi zatha. Ndikachigwira chomalizidwa, chozizira, n'kuchigogoda chikulira bwinobwino kuyambira m'mphepete mpaka kunsonga, ndimamva kukoma kumene sindinakumvepo chibwerere kuno. Sindikudziwa ngati ndikukufotokozera bwino.

Ndatumiza lira 800. Mkaka usagulitse wonse, mwana wa ng'ombe ayamwe. Nsapato za Nergis ugule zokulirapo, phazi lake likuthamanga kuposa malipiro anga.

Nyenje ija ikadalipo. Tazolowerana.

Wako,
Zekeriya

Istanbul, 16 Juni 2013

Nazife wanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa Nergis. Chithunzi cha kavalo wa miyendo isanu ndi umodzi chomwe Nergis anandijambulira ndachikhoma pamwamba pa bedi. Umuuze kuti kavalo wotere a Tayfun angamugule mtengo uliwonse. Ine ndili bwino, kupatula zazing'ono.

Mavwende afika pamsika, ndiye kuyesa zisoti kwayamba kukoma. Mwezi ukatha a Usta amaveka vwende chisoti chilichonse cha pamutu, n'kuchikhazika pachitsa, n'kuchimenya pansonga ndi ndodo yomwe okwera akavalo amaponyerana, ndi mphamvu zawo zonse. Vwende likatuluka lopanda bala, chisoti chakhoza. M'chisanu amayesera kabichi, koma kabichi ndani angamukondwerere? Zanga khumi ndi zitatu zonse zakhoza, ndipo vwendelo tinalidya titakhala pakhomo la chipala, a Usta akulavulira njere kwa amphaka.

Tsopano ndikuuze, koma amayi asamve. Nyenje ija yachoka, ndipo yapita ndi khutu lomwe. Lamanja latsekeka. Ndikagonera lamanzere, dziko lonse limangoti zii. Lachisanu lina ndinachedwa ku swala chifukwa sindinamve kuitana, pomwe mzikiti uli poti ndingaugende ndi mwala. Panalinso za basi ina pamphambano, koma zimenezo ndidzakuuza pamaso. Thalauza lokha ndi lomwe linang'ambika.

Pantchito ndatembenuza chitsa pang'ono kuti khutu lamanzere liziyang'ana chitsulo, ndipo palibe wazindikira. Ndanama, alipo mmodzi: a Dursun, mkulu wopukuta zisoti amene ndinkakhala naye benchi imodzi pamakina. Ndi gonthi wotheratu, ndipo akamanong'ona amamveka kutsidya kwa nyanja. Tikumwa tiyi masana anandikokera kuseri n'kukuwa, "Watembenuza chitsa!" Ndinawagwira pakamwa. Anachotsa dzanja langa akuti, "Inenso ndinatembenuza, mphwanga. Khutu labwino mumsewu uno linali langa, funsa aliyense. Ukuona a Usta akumva ngakhale khobidi likagwa m'thumba la munthu wina? Anasiya nyundo ali ndi zaka makumi atatu, atakwatira mwana wa mwini chipala. Iwe ukwatira mwana wa ndani?" Ndinati ndinakwatira kale, ndipo apongozi anga chuma chawo ndi mbuzi zitatu. Sanamve, koma anaseka poona kuti ndikuseka. Kenako anasiya kuseka, n'kubwerera kumakina awo.

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndikudziwa. Koma zatsala khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo khutu limodzi likundikwanira.

Ndatumiza lira 850. Udzu wouma wa ng'ombe ugule pano usanakwere mtengo, ndipo denga la khola likonzedwe kukadali kouma.

Wako,
Zekeriya

Istanbul, 28 Julaye 2013

Nazife wanga,

Moni, ndipo Mulungu alandire kusala kwanu. Amayi asakakamire kusala ngati mutu ukuwazungulira, uwauze kuti ndatero ine. Kuno kusala uli pafupi ndi moto wa chipala ndi nkhani ina. Pofika masana lilime limauma gwa, ndipo mwina n'chifukwa chake mwezi uno sitikukangana kwambiri.

Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo katatu konse yandikalipira. Usakwere basi, usawauze amayi. Ndapita kwa dokotala wa makutu monga unalamulira.

Ndi mtsikana wamng'ono, koma pakamwa pake mungagwirizane. Anandilowetsa m'kachipinda kotseka, n'kundiveka zomvera, akuti ndikamva kulira ndizikweza dzanja. Poyesa lamanja dzanja langa linangokhala pabondo. Poyesa lamanzere linakwera, koma osati nthawi zonse. Ndinaonera pankhope pake kudzera pagalasi. Nditamuuza ntchito yanga akuti, "Bambo, lamanja lapita, silidzabwerera. Lamanzere layamba ulendo womwewo. Musiye nyundo, apo ayi muzitseka makutu tsiku lonse." Ndinati, "Adokotala, ndikatseka ndichimva bwanji chitsulo?" Akuti, "Mukapanda kutseka muwamva bwanji anthu?" Potuluka ndinakhala pabenchi panja nthawi yaitali. Ndinachita mantha, Nazife, sindibisa.

Ndiye sekerera, thonje lako lapeza ntchito. Ndimaliika m'mawa ndisanalowe, n'kumanga kansalu kopukutira thukuta kumutu kuphimba makutu. Ndi kutenthaku aliyense wamanga kake, palibe akudabwa. Mutu wasiya kuwawa, ndipo ndikaweruka ndimamva mbalame za panyanja. Koma kusula kwake ndi kwa munthu woyenda mumdima m'nyumba ya eni. Chitsulo chikulankhula, ine sindikumva. Ndikudalira dzanja ndi kuwerenga kuti ndamenya kangati. Bambo anga akanandiona akanandilanda nyundo. Mulungu akalola zidutsa, zatsala khumi ndi chimodzi.

Pa Idi sindibwera. Atipatsa masiku awiri okha, ndipo awiriwo angathere m'basi. Ndatumiza lira 1,000. Nergis umugulire diresi lomwe asankhe yekha, ngakhale likhale lofiira ngati tsabola, komanso maswiti okwanira ana onse obwera pakhomo, asadzati kwa Zekeriya amagawa limodzi limodzi. Upite kumanda kwa bambo m'malo mwanga, ukathire madzi ndi kuzula udzu.

Ndikupsompsona manja a amayi.

Wako,
Zekeriya

Istanbul, 8 Seputembala 2013

Nazife wanga,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine m'thupi ndili bwino. Ndachedwa kulemba chifukwa ndimasowa poyambira.

Lolemba linali tsiku la vwende. Zisoti zinali zisanu, zonse zosula ndili ndi thonje m'makutu. Choyamba chinakhoza, chachiwiri chinakhoza, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Chachitatu chinali cha a Tayfun, cha mizere makumi awiri ndi inayi chija, chokongola kuposa zonse zomwe ndinasulapo. A Usta anakweza ndodo n'kumenya. Nsonga inaphwafuka, ndipo madzi ofiira anayamba kutsika pachitsa mpaka pansi. Chachinayi chimodzimodzi, chachisanu chimodzimodzi. Mavwende atatu. Palibe anadya vwende tsiku limenelo.

A Usta anabwera pomwe ndinaima, n'kumasula kansalu kanga kumutu, n'kutulutsa thonje ndi zala zawo ziwiri, khutu ili kenako ili. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Analoza vwende losweka lija akuti, "Uwu ndi mutu wa munthu, Zekeriya. Ali ndi ana awiri." Ndinawauza zonse, za lamanja ndi za dokotala. Kenako akuti, "Ukanandiuza, mwanawe. Makutu ndi ako, sindingakulamulire. Ukafuna thonje, makina opukutira alipo, pafupi ndi a Dursun, pa malipiro akale. Ukafuna nyundo, nyundo ndi thonje sizikhalira limodzi. Ugone nazo, mawa undiuze."

Palibe ananditcha mkwatibwi. Aliyense anabwerera pantchito yake osandiyang'ana, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa.

Mapanga awiri avumbwitsa, mkazi wanga. Ndinkafuna kusunga khutu ndi nyundo yomwe, ndipo ndikanapha munthu amene anandikhulupirira mpaka kundipatsa mutu wake kuti ndiupime.

Ndachotsa thonje. Dikira, werenga mpaka kumapeto. Ndi masabata asanu ndi limodzi okha. Zatsala zisanu ndi chimodzi, kuwonjezerapo zitatu ndinawonongazo, zonse zisanu ndi zinayi. Mumsewu uno palibe wina angazimalize pofika Okutobala, ndipo akapanda kuzilandira anthu aja adzagula za pashelefu n'kuvala zomwezo, ndikuwadziwa. Si nkhani ya malipiro, usaganize choncho. Madzi ofiira aja ndikuwaonabe. Ndikamaliza izi ndidzabwerera kopukuta ndi thonje lako lonse, ndalonjeza.

Ndatumiza lira 700. Mphesa zikapsa uyanike zambiri kuposa chaka chatha, zogulitsa zikhale zochepa. Sukulu ikutsegulidwa, Nergis umugulire chikwama cholimba, osati cha tizithunzi chong'ambika mwezi umodzi.

Usandilembere zokalipa, ndadzikalipira kale ndekha. Kapena lemba, ndazisowa.

Wako,
Zekeriya

Istanbul, 27 Okutobala 2013

Nazife wanga,

Moni wa chimwemwe. Manja a amayi, maso a Nergis. Ndamva kuti nkhosa ya Idi ya nsembe inali yonona ndipo aneba onse analandira gawo lawo, wachita bwino. Ine ndili bwino, kutopa kokha.

Zatha! Makumi atatu onse, ndipo vwende lomaliza tinalidya lopanda bala. Dzulo kunali chionetsero pabwalo lalikulu kunja kwa mzinda, ndipo a Usta anatseka chipala n'kutitenga tonse, ndi a Dursun omwe atavala jekete la ukwati wawo.

Nazife, ndikanakonda ukanaona. Akavalo makumi atatu anatuluka kuseri kwa kaphiri atandandalika mzere umodzi, dzuwa likuwomba pazisoti, nthenga zikuweyula. Chilichonse ndinachidziwa chili patali: ichi ndinasula sabata yomwe ng'ombe inabereka, icho ndinasula ndi njala ya Ramadani. Misozi inatuluka, ndinanamizira fumbi. Ng'oma ndinazimva m'chifuwa. Oimba zitoliro ndinaona akutupitsa masaya, koma mwina mphepo imapita kwina.

Pa masewera oponyerana ndodo, mnyamata wina wamphamvu anaponya ali pa liwiro, ndipo ndodo inawapeza a Tayfun pansonga penipeni. Anagwa pakavalo chagada. Anthu onse anaimirira. Kenako munthu uja anadzuka, n'kuvula chisoti, n'kuchikweza m'mwamba. Panalibe bowo, kanali kakuphwafuka kokha kolowa chala chachikulu. Atatha masewera anandifunafuna pakati pa anthu, n'kundigwira masaya ndi manja awiri, n'kulankhula nthawi yaitali, misozi ili lengelenge m'maso. Panali phokoso la anthu ambiri, ndipo sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Ndinangogwedeza mutu n'kumwetulira. Ndikuganiza kuti anali mawu abwino.

Tsopano usang'ambe kalata. Pachionetseropo panali alendo a maiko akunja, okwera akavalo anzawo, ndipo aitanitsa zisoti makumi asanu ndi limodzi. A Usta ati m'kati mwa chilichonse mudzadindidwa dzina langa pambali pa la chipala. Dzina langa, Nazife, pa chitsulo chowoloka nyanja! Bambo anga anasula moyo wawo wonse, ndipo miphika yawo sinapitirire mudzi wachitatu.

Ndavomera. Ndikudziwa kuti ndinati masabata asanu ndi limodzi okha, ndikudziwanso kuti ndinalonjeza. Chaka chimodzi chokha, kenako ndibwera. Lamanzere likadalipo, ngakhale anthu a kuno ayamba kulankhulira m'mano masiku ano.

Ndatumiza lira 1,200. Malasha ugule okwanira chisanu chonse, ndipo amayi uwagulire bulangete latsopano.

Wako,
Zekeriya

Istanbul, 17 Novembala 2013

Nazife wanga,

Moni kwa nonse. Sunandiyankhe, ndipo kukhala chete kwakoko ndakumva.

Ndinayamba choyamba cha makumi asanu ndi limodzi aja. Tsiku lachitatu ndinafika kunsonga. Akuti chitsulo chinayamba kulira mwanjala, ndipo chipala chonse chinamva. Anzanga anasiya ntchito n'kutembenuka. A Usta anatuluka mu ofesi akuthamanga, akukuwa kuti ndisiye. Ine ndinamenyabe, kamodzi, kawiri, ndipo nyundo inatulukira mbali ina.

Ndinalibe thonje m'makutu, Nazife. A Usta anachita kusuzumira okha kuti atsimikize, khutu ili kenako ili. Kenako anakhala pansi pachitsa changa, munthu wamkulu uja, n'kugwira kumaso.

Ndapitanso kwa dokotala uja. Sanandikalipire, ndipo pamenepo ndinadziwa. Akuti kulira kosongoka, konga kwa chitsulo ndi kwa mbalame, kwapita. Mawu a anthu atsalako, munthu akakhala pafupi ndiponso pamalo opanda phokoso. Ndikachoka pa zitsulo lero, otsalawo ndingawasunge. Ndinatseka makutu, ndinawononga zisoti. Ndinawatsegula, ndawononga makutu, ndipo zisoti nazo zapita. Ndalira, sindikubisira. Chidindo cha dzina langa chinali chitafika kale kuchokera kwa wozokota, ndipo sichinadinde kanthu.

A Usta ati ndikhale kopukuta. A Dursun anasuntha pabenchi n'kumenya malowo ndi dzanja kuti ndikhale. Ndinayang'ana malowo nthawi yaitali, kenako ndinawapsompsona dzanja n'kukatenga jekete langa. Chisoti chobowokacho a Usta andipatsa. Ukachitembenuza n'kuikamo dothi, madzi azituluka bwino. Udzalemo chimene ufuna.

Basi ifika Lachinayi m'mawa. Za chimene ndizichita kumeneko tidzakambirana; mpesa ndi ng'ombe sizifuna khutu lakuthwa.

Ukadzandichingamira usandiitane ndili chofulatira, ndingakudutse anthu n'kumati tayambana. Udzaime kutsogolo kwanga. Kunyumba mpando wanga uusunthe kuti khoma likhale kumanja kwanga, inu nonse kumanzere. Amayi uwauze wekha Lachinayi lisanafike, ine mtima wake ndilibe.

Ndipo china. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikukuuza kuti umalongolola, kuti nkhani ya nkhuku imodzi umaiyambira kwa agogo ake a nkhukuyo. Mawu amenewo ndabweza. Udzandiuze zonse, ndi za nkhuku zomwe, pang'onopang'ono, uli pafupi.

Ndine mwamuna wako,
Zekeriya